Anthu wamba akamayeza okha mpweya wa m'tauni, zotsatira zake tizimve bwanji?

Mu Meyi 2018, mlendo wofika ku Flanders, chigawo cha kumpoto kwa dziko la Belgium, akanaganiza kuti anthu akusamuka onse. Pamazenera a nyumba 20,000 panali zikwangwani zotulukira kumsewu, zofanana ndi zimene amakhoma ogulitsa nyumba kumeneko. Koma panalibe nyumba yamalonda. M'kati mwa chikwangwani chilichonse munali timachubu tiwiri totalika ngati chala, ndipo timachubuto tinkayeza mpweya umene eni nyumba amapuma.

Ntchito zoterezi zachuluka m'zaka khumi zapitazi, mpaka zafika ku Kampala ndi ku Nairobi. Nazo nkhani zosokoneza mutu zachuluka. Lero mumva kuti anthu a dera lakutilakuti apeza kuti mpweya wawo ndi woopsa, mawa akuluakulu a boma ayankha kuti zipangizo za anthuwo n'zosadalirika. Mapu a pafoni akuonetsa dontho lofiira, chonsecho kunja kuli mbee. Akunama ndani? Kawirikawiri palibe. Mbali ziwirizi zimakhala kuti zagwira zida zosiyana poyankha mafunso osiyana.

Chimayezedwacho n'chiyani?

Mawu akuti "mpweya woipa" ndi thumba lonyamula zambiri, koma m'ntchito za anthu wamba mumamveka mayina awiri.

Loyamba ndi PM2.5. Uwu si mpweya ayi, ndi tinthu ting'onoting'ono toyandama mumpweya: mwaye, utsi, timadontho ta mankhwala. Nambala 2.5 ikunena kukula kwake, mamaikulomita 2.5 kapena kucheperapo, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la m'mutu limanenepa mamaikulomita 50 mpaka 70. Amene anasefapo ufa amva msanga chifukwa chake kuchepaku kuli nkhani. Sefa imagwira misere, ufa wosalala n'kudutsa. Mphuno ndi pakhosi ndiyo sefa ya thupi: fumbi lokulirapo limakodwa pamenepo, munthu n'kuyetsemula kapena kutsokomola. PM2.5 imadutsa, n'kukafika m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo tinthu tochepetsetsa timalowa m'magazi. N'chifukwa chake madokotala akamakamba za utsi satchula mphumu ndi chibayo zokha, amatchulanso matenda a mtima ndi sitiroko.

Dziko linadziwa mochedwa kuti choopsa kwambiri n'chosaoneka. Mu Disembala 1952 utsi wa malasha unaphimba London masiku asanu, anthu pafupifupi 4,000 n'kumwalira nthawi yomweyo, ndipo ofufuza a pambuyo pake anati chiwerengero chenicheni chinafika cha m'ma 12,000. Lamulo la ku Britain la 1956 linalimbana ndi utsi wakuda wooneka ndi maso. Zaka zambiri zitadutsa, mu 1993, kafukufuku wa yunivesite ya Harvard m'mizinda isanu ndi umodzi ya ku America anaonetsa kuti kumene kuli tinthu tosalala tochuluka anthu amafa msanga, ngakhale kumwamba kukuoneka koyera. America inaika malire a PM2.5 m'malamulo mu 1997.

Dzina lachiwiri ndi nitrogen dioxide, mwachidule NO2. Uwu ndiye mpweya weniweni, ndipo m'tauni umachokera makamaka m'mainjini a galimoto, kwenikweni za dizilo. Khalidwe lake n'losiyana ndi la PM2.5. Tinthu tija timatha kuuluka makilomita mazanamazana ndi mphepo, pomwe NO2 amachuluka pafupi ndi pamene watulukira. Khonde loyang'ana kumsewu ndi bwalo la kuseri kwa nyumba yomweyo zimatha kusiyana kwambiri.

Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsitsa miyezo yake. Pa chaka chonse, PM2.5 isapitirire mamaikulogalamu 5 (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, kuchoka pa 10, ndipo NO2 asapitirire 10, kuchoka pa 40. Komatu awa ndi malangizo, si lamulo. Lamulo la mayiko a European Union lakhala likulola NO2 kufika 40, ndipo lamulo latsopano la 2024 likuti pofika 2030 akhale 20. Choncho msewu umodzi womwewo ukhoza kukhala "wovomerezeka" kwa boma koma "woopsa" kwa amene akuwerenga za WHO, onse akunena zoona.

Bwanji boma silingoyeza lokha?

Limayeza, kumene lili ndi ndalama. Masiteshoni a boma ndi tinyumba todzaza makina, tofuna magetsi osadukaduka ndi katswiri wobwera pafupipafupi kudzaunika. Makina amodzi oyeza PM2.5 movomerezeka amagulidwa madola zikwi makumi angapo. Zotsatira zake n'zolondola ndipo khoti limazilandira, koma mzinda wa anthu miliyoni umatha kukhala ndi masiteshoni owerengeka ndi zala, ndipo mizinda yambiri ya mu Africa ilibe ndi imodzi yomwe yogwira ntchito chaka chonse.

Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula imatha kugwa m'munda mwako n'kulumpha wa mnzako. Choyezera mvula cha pabwalo la ndege la Chileka chikhoza kukhala cholondola mpaka dontho lomaliza, koma sichingakuuzeni ngati ku Ndirande kwagwa. Pofuna kudzaza mipata imeneyi, akatswiri amagwiritsa ntchito kompyuta: amaipatsa kuchuluka kwa galimoto, kutalika kwa nyumba ndi kayendedwe ka mphepo, iyo n'kuyerekeza mpweya wa msewu uliwonse. Kuyerekeza n'kwabwino, koma pamafunika wina wokafika pamsewupo kukaona ngati kompyuta yalasa.

Sayansi ya anthu wamba

Pachingerezi amati citizen science. Tanthauzo lake n'lakuti anthu amene sanalembedwe ntchito ya ukatswiri akutenga nawo mbali m'kafukufuku weniweni, potsatira ndondomeko imodzi yogwirizana. Mawu oti ndondomekowa ndi amene amasiyanitsa ntchitoyi ndi kungodandaula. Kusikelo ya ana mavolontiya a m'mudzi amathandiza kuyeza ndi kulemba m'kabuku. Iwo si anamwino, koma poti onse amapachika sikelo mofanana n'kulemba mofanana, manambala awo amagwira ntchito mpaka kuboma.

Dzinali linatchuka cha m'ma 1990, koma mchitidwewo ndi wakale. Pa Khirisimasi ya 1900, katswiri wa mbalame Frank Chapman anapempha anthu ku America kuti m'malo mopikisana kuombera mbalame patsikulo, aziwerenge. Anayamba anthu 27, ndipo kuwerengako kukuchitikabe chaka ndi chaka.

Pankhani ya mpweya, chida choyamba kutchuka m'manja mwa anthu wamba chinali chidebe. Chinayambira ku California cha m'ma 1990: chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, m'kati muli thumba lapadera, kapampu n'kumakoka mpweya wa m'chidebemo kuti thumba lidzaze ndi mpweya wakunja. Thumbalo limapita ku labotale. Cha m'ma 2000, anthu a kummwera kwa Durban ku South Africa, okhala pakati pa mafakitale oyenga mafuta ndi ya mapepala, anayamba kuchigwiritsa ntchito mothandizana ndi mabungwe a groundWork ndi South Durban Community Environmental Alliance. Fungo likavuta usiku, munthu ankatuluka ndi chidebe. M'matumbamo munapezeka mankhwala monga benzene, ndipo mkangano unasintha: unachoka pakuti "kukununkha" n'kufika pa dzina la mankhwala ndi nambala. Dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo latsopano la za mpweya mu 2004. Chidebe chili ndi malire ake oonekeratu, chifukwa chimangogwira mpweya wa mphindi zochepa pamalo amodzi.

Kachubu ka ku Flanders

Kachubu kaja n'kosavuta mpaka kudabwitsa. Kalibe batire, kalibe waya. Ndi kapulasitiki kotalika pafupifupi masentimita 7, kotseka kumwamba, ndipo pansi pa chotsekeracho pali kasefa kachitsulo kopakidwa mankhwala amene amayamwa NO2. Mumachotsa chivindikiro cha pansi, n'kukapachika kukamwa kutaloza pansi. Mpweya umalowa wokha pang'onopang'ono. Pakatha milungu inayi mumatseka, labotale n'kuona kuchuluka kwa NO2 amene wagwidwa. Njirayi inafalitsidwa ndi wasayansi wa ku America Edward Palmes mu 1976, ndipo makhonsolo a ku Britain akhala akuidalira kwa zaka zambiri. Kachubu sikangakuuzeni kuti Lachiwiri m'mawa kunali bwanji. Kamapereka nambala imodzi ya mwezi wonse, ngati mmene nkhokwe imakuuzirani za zokolola za chaka osati za mzere uliwonse.

Ntchito ya ku Flanders inkatchedwa CurieuzeNeuzen, mawu a ku Antwerp onena anthu okonda kusuzumira zinthu, kwenikweni "mphuno zachidwi". Inayamba mu 2016 mumzinda wa Antwerp ndi anthu 2,000, panthawi ya mkangano wa msewu waukulu wozungulira mzindawo. Ya 2018 inayendetsedwa ndi yunivesite ya Antwerp, nyuzipepala ya De Standaard ndi bungwe la boma loona za chilengedwe m'chigawocho. Mgwirizano umenewu ndi wofunika kuuonetsetsa. Yunivesite inabweretsa ukatswiri, nyuzipepala inaitana anthu n'kulonjeza kusindikiza zotsatira, ndipo boma, pokhala m'kati kuyambira pachiyambi, silikanatha kudzakana manambalawo pambuyo pake.

Analembetsa anthu oposa 50,000, koma anasankhidwa 20,000. Sanatenge obwera msanga. Anasankha potengera malo, kuti misewu ya piringupiringu, ya phee, ya m'tauni ndi ya kumudzi yonse iyimiridwe. Aliyense analipira mayuro 10, ndalama yochepa kumeneko, koma munthu chimene walipira sachiponya m'kabati. Malangizo anali amodzi: zenera loyang'ana kumsewu, pansanjika yoyamba, kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka kumapeto kwa Meyi. Chikwangwani chija chinali ndi ntchito ziwiri. Chinkaonetsetsa kuti timachubu tonse tatalikirana ndi khoma mofanana, komanso chinkalengeza kwa aneba kuti pano pakuchitika kanthu. Timachubu tinali tiwiri pakhomo lililonse kuti tikasiyana kwambiri, akatswiri adziwe kuti penapake palakwika. Timachubu tina anatipachika pamasiteshoni a boma penipeni, kuti aone ngati timakweza kapena kutsitsa nambala, ndiponso kuti athe kusandutsa zotsatira za mwezi umodzi kukhala chiyerekezo cha chaka.

Zotsatira zinatuluka kumapeto kwa Sepitembala 2018, patatsala milungu iwiri kuti kuchitike zisankho za makhonsolo. Malo opitirira pang'ono 2 mwa 100 aliwonse anadutsa malire a NO2 a 40 a lamulo la European Union aja. Nambalayi ena anaiwerenga ngati umboni wakuti zinthu zili bwino, ena anati ikutanthauza anthu zikwizikwi opuma mpweya woswa lamulo. Chimene mbali zonse zinavomereza n'chakuti vuto silinali m'mizinda ikuluikulu yokha. Madontho oipa anaonekanso m'matauni ang'onoang'ono, pamphambano ndi m'misewu yopapatiza yokhala ndi nyumba zazitali uku ndi uku, momwe utsi umakhazikika ngati m'khitchini yopanda zenera. Akatswiri anagwiritsanso ntchito manambalawa kuunika kompyuta yawo yoyerekeza ija n'kuikonza pamene inkaphonya.

Sensa: nambala ya mphindi iliyonse

Chida china chotchuka ndi sensa yoyeza PM2.5. M'kati mwake muli kafani kokoka mpweya ndi kuwala kwa laser. Dzuwa likalowa pabowo la denga m'nyumba yosesedwa kumene, fumbi limaoneka likuvina m'kuwalako. Sensa imachita zomwezo: tinthu tikadutsa m'kuwala timakumwaza, ndipo kachipangizo kamawerenga kumwazikako n'kuyerekeza kulemera kwa tinthuto. Mawu ofunika apa ndi kuyerekeza. Makina a boma amagwira tinthu pasefa n'kuyeza kuchuluka kwake mwachindunji, pomwe sensa imangoona kuthwanima.

Gulu lodziwika kwambiri linayambira ku Stuttgart, ku Germany, mu 2015. Mzindawu uli m'chigwa chonga mbale, ndi kwawo kwa Mercedes-Benz ndi Porsche, ndipo siteshoni ya pamsewu wa Neckartor inatchuka dziko lonse chifukwa cha manambala okwera. Anthu okonda za makompyuta anapanga sensa yomanga wekha ya mayuro pafupifupi 30: kachipangizo kogula ku China, kabolodi kolumikiza ku WiFi, zonse n'kuzilowetsa m'mapaipi awiri okhota a pulasitiki, omwe aja a madzi oipa, kuti mvula isalowe. Pa mphindi ziwiri ndi theka zilizonse sensa imatumiza nambala pamapu oonedwa ndi aliyense. Ntchitoyi inkatchedwa Luftdaten, pano ndi Sensor.Community, ndipo ili ndi masensa zikwizikwi m'mayiko ambiri. Bungwe la Code for Africa linatengera pomwepo poyambitsa sensors.AFRICA ku Nairobi ndi mizinda ina.

Ku yunivesite ya Makerere ku Kampala, gulu la AirQo lotsogozedwa ndi Pulofesa Engineer Bainomugisha linaona kuti chipangizo chopangidwira ku Ulaya chimavutika ndi fumbi, kutentha ndi kuzimazima kwa magetsi. Anapanga zawo zoyendera sola, zotumiza manambala pa netiweki ya foni, ndipo zina anazimangirira panjinga zamoto za kabaza kuti ziziyeza mzinda wonse pamene wakabaza akusaka makasitomala.

Kuwongola sikelo

Apa ndi pamene pagona mikangano yambiri. Mdani wamkulu wa sensa ndi chinyezi. Kukachita nkhungu, monga masiku a chiperoni ku Blantyre, tinthu timamwa madzi n'kutupa, sensa n'kuona ngati utsi wachuluka. Fumbi la msewu wadothi ndi utsi wa nkhuni sizimwaza kuwala mofanana. Komanso sensa imakalamba: fumbi likaunjikana m'kati, manambala amasokera pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

Pamsika chimanga chimagulitsidwa pandowa, ndipo aliyense amadziwa kuti ndowa siikhala yofanana ndi sikelo yodindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Komabe ndowa si yachabechabe. Mukaithira kamodzi pasikelo yoona n'kudziwa makilogalamu ake, mutha kuyenda nayo midzi khumi n'kumadziwa bwino lomwe kuti uku akupatsani zambiri, uku zochepa. Sensa nayo amaiika pambali pa makina a boma kwa milungu ingapo, n'kupeza masamu owongolera nambala yake. Ku America, bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linapeza kuti masensa a kampani ya PurpleAir amakweza nambala, makamaka pakakhala utsi wa moto wa m'nkhalango. Silinawataye. Linapanga masamu owongolera, ndipo kuyambira 2020 limawaonetsa pamapu ake a utsi pamodzi ndi masiteshoni ake. AirQo nayo imafananiza zipangizo zake ndi makina ovomerezeka.

Choncho mukaona nambala yochokera kwa anthu wamba, funso loyamba si lakuti chipangizocho n'cha ndalama zingati. Funsani ngati chinafananizidwa ndi makina ovomerezeka, liti, komanso m'nyengo yanji. Funsaninso ngati nambalayo ndi ya mphindi imodzi, ya tsiku kapena ya chaka. Neba akatentha zinyalala, sensa ikhoza kulumpha kufika mazana kwa mphindi khumi, ndipo kuyerekeza nambala imeneyo ndi 5 ya WHO, yomwe ndi ya chaka chathunthu, n'kusakaniza zinthu. Ya tsiku limodzi WHO inaika 15.

Amayeza ndani, ndipo kenako n'chiyani?

Olembetsa okha m'ntchitozi amakhala ambiri ophunzira, a nyumba zawo, a intaneti yosadukaduka. Mapu amadzaza madontho kumadera a opeza bwino, kumene mpweya umakhala wabwinoko, n'kusiya pambalambanda kumene vuto lakula. Atachita ntchito yofanana ku Brussels mu 2021, ndi malo 3,000, okonza anachita kupita okha kumadera a anthu osauka kukaitana anthu. Zotsatira zinaonetsa kuti madera amenewo ndiwo ali ndi NO2 wochuluka.

Mphamvu ya manambalawa pamaso pa malamulo ndi nkhani ina. Ku Stuttgart galimoto zakale za dizilo zinaletsedwa kulowa mumzinda kuyambira 2019, koma chimene chinakakamiza zimenezi ndi milandu ya kukhoti yoimira pa manambala a masiteshoni a boma. Masensa a m'mapaipi aja anathandiza kuti nkhaniyi isachoke pakamwa pa anthu. Kuti anathandiza kufika pati, palibe sikelo yoyezera.

Mafunso amene adakalipo

Akatswiri sanamvanebe kuti nambala ya sensa yowongoleredwa bwino iloledwe kuchita chiyani. Kuchenjeza anthu, ambiri akuvomereza. Kulipiritsa fakitale chindapusa, ambiri akukana. Pakati apa pali bwalo lalikulu lopanda malire odziwika.

Ndiye pali mzinda umene ulibe ndi siteshoni imodzi yomwe yovomerezeka. Ndowa ija muithira pasikelo ya ndani? Ena akuti sensa yosawongoleredwa ndi yabwino kuposa kukhala mumdima. Ena akuopa kuti maboma adzapezerapo chifukwa chosagulira makina enieni, poti anthu akuyeza kale okha ulere.

Nkhani ya ndalama nayo siinathe. Kugula sensa n'kosavuta, koma bandulo ya mwezi ndi mwezi, batire ikafa, ndi munthu wokwera makwerero kukapukuta fumbi, ndani alipira thandizo la opereka ndalama likatha? Nanga dontho lofiira lili pakhomo panu penipeni pamapu oonedwa ndi dziko lonse, manambalawo ndi a ndani, ndipo mtengo wa nyumba kapena lendi ukatsika chifukwa cha dontholo, mlandu ndi wa yani?

Funso lomaliza likukhudza mizinda yathu kuposa ya ku Ulaya. Ku Antwerp ndi ku Stuttgart chala chinaloza galimoto, ndipo khonsolo ili ndi zochita: kusintha njira, kuletsa dizilo yakale. Ku Malawi mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo utsi wambiri umene mayi ndi mwana wa kumsana amapuma uli pambaula, pomwe sensa yopachikidwa pamtengo wa magetsi kumsewu siifika. Anthu a ku Kawale kapena ku Chawama ku Lusaka atayeza okha n'kupeza kuti manambala amakwera kwambiri madzulo nthawi yophika nsima, gasi ali wodula ndipo magetsi azima, zotsatirazo akazitula kwa ndani?